Mapesi a Mthunzi

Mnyamata akafuna mkazi masiku ano amayamba ndi kugula foni yabwino, nsapato zosongoka ndi mafuta onunkhira. Mthunzi Sakala anayamba ndi kutola zinyalala.

Kwa amene simukumudziwa, Mthunzi ndi mwana wa aphunzitsi a ku Sinda, ndipo ali m'chaka chachiwiri pa koleji ina ya zaulimi kuno ku Katete. Mwanayo analowa kolejiyo ali bwinobwino, akudya soseji ndi kumwa zozizira ngati anzake. Atangophunzira za nthaka miyezi isanu ndi umodzi, zinthu zinasintha. Anasiya kuphikira makala. Minibasi anaikana, n'kugula njinga yakale yolira ngati mwana wa mbuzi. Madzi amamwera m'chipanda chimene amayenda nacho m'chikwama. Anzake akamapita kokaonera mpira, iye amapita kukaona ngati nyongolotsi zake zadya.

Khalidwe lomweli ndilo linamupezetsa Mable. Tsiku lina pamsika wa Katete mtsikanayo anamuikira tomato m'pulasitiki, iye n'kukana, nati amuikire m'chipewa. Mable anaseka mpaka mulu wa tomato kugumuka, ndipo anamufunsa ngati mafuta ophikira nawonso amagulira m'chipewa. Loweruka lotsatira chipewa chija chinabweranso. Patatha miyezi inayi, chikole chinali chitafika kwa a Amosi, amalume ake a Mable, kumudzi wina kuseri kwa Mkaika.

A Amosi ndiwo analera Mable kuyambira pamene mayi ake anamwalira, iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu, woti akakuseka lero umazindikira mawa kuti ankakuseka. Chikole sanachikane, komanso sanachivomere. Anangotenga mnyamatayo n'kupita naye kuseri kwa kaphiri, kumunda woguga umene malemu mlongo wawo ankalima. Anati kwathu kuno mkamwini timamuonera pa khasu, satifiketi tidzaiona pambuyo. Munda ndi uwu, muukonze, ndidzabwera kudzaona Loweruka lomaliza la Okutobala.

Munthu wina aliyense akanasosa, kuwunjika mapesi, kutentha, n'kuunga mizere yowongoka. Basi, ukwati watheka. Mthunzi anafumbata dothi, kulinunkhiza, n'kunena kuti nthakayi ikudwala.

* * *

Kuyambira Julayi, Loweruka lililonse m'mawa anthu ankamva njinga ija ikulira kuchokera kumsewu. Mthunzi ankayenda m'minda ya eni ake kupempha mapesi amene iwo ankafuna kutentha. Ankawamanga mitolo, kuwakweza panjinga, n'kukawayala m'munda wa mayeso uja ngati akuyalira mlendo mphasa. Anthu amachotsa zinyalala m'munda, uyu ankazitutira momwemo. Pakati pa mapesiwo anakumba timaenje motsata chingwe, n'kuthiramo ndowe zouma zimene ankatola yekha m'makola, mwana wa aphunzitsi, dengu lili pamutu. Ankati mapesi amasunga chinyontho, chiswe chimawasandutsa chakudya cha nthaka, ndipo pakatha zaka zitatu mundawo udzaiwala dzina la feteleza.

Amayi a kumtsinje anati zaka zitatu n'zambiri kwa munthu amene akufuna mkazi chaka chino.

Chimene chinawamaliza anthu ndi nazale. M'mphepete mwa munda anamanga chisakasa cha udzu, pansi pake n'kundandalika mbande za mitengo ya msangu ndi gilisidiya mazana atatu. Poti pulasitiki amadana nayo, mbandezo anazibzala m'mapaketi a mowa wamasese amene ankatola kuseri kwa mabala a ku Katete. Tangoganizani. Munda wa mkulu wa mpingo, mapaketi a mowa mazana atatu ataima pamzere ngati a kwaya. Abusa atadutsa tsiku lina, anayang'ana kumwamba mpaka kupitirira.

A Amosi anali atalamula kuti munthu wa pakhomo pawo asagwire khasu m'mundamo, makamaka mwini nkhani. Mtsikana akathandiza bwenzi lake pa munda wa mayeso, ndiye kuti mnyamatayo walephera, ndipo chikole chimabwerera kumene chinachokera. Koma mbande sizidikira Loweruka. Choncho Mable ankati akachoka kumtsinje n'kupatukira kunazale, ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo. Amalume ake ankaona mapazi ake m'kanjira ka kumunda, koma sankafunsa. Miyezi itatu, ndowa zinayi pa tsiku. Ngati pali wina akuti amakonda munthu, ayambe wasenza zimenezo.

Tsono panali Wisdom. Kwawo ndi ku Vubwi, koma ali ndi shopu ku Katete, kutsogolo mbewu ndi feteleza, kuseri makala. Njinga yake yamoto yofiira imadziwa njira zonse zolowera ku Malawi ndi ku Mozambiki, ngakhale zimene mapu sazidziwa. Anafunsirapo Mable kawiri, kawiri konse n'kubwezedwa, koma munthu wa malonda sakwiyira kasitomala, amangobweranso mawa. Ankafika kwa a Amosi ndi paketi ya shuga, kukhala pampando, n'kudandaula mwaulemu za munda wa malemu umene wasanduka dzala. Ankatchulanso, ngati mwangozi, kuti ali ndi ng'ombe ziwiri zolimira zimene zikungonenepa.

Loweruka lina anaimika njinga m'mphepete mwa munda, injini ikulira, Mthunzi ali ndi dengu la ndowe pamutu.

"Mwaswera bwanji, a Pulofesa? Mbewa mwaweta zingati tsopano? Anthu akuti chaka chino ndiwo tizigula kwa inu."

Mthunzi anatsitsa dengu n'kuyamba kumufotokozera za chinyontho. Ndilo vuto lake mnyamatayu: ukamunyoza, amakuphunzitsa. Wisdom anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, kenako anatembenukira kwa Mable, amene anaima chapatali ndi ndowa, n'kumufunsa ngati paukwati padzakhala keke, kapena nayonso idzakhala ya manyowa.

Kale Mable akanamubwezera mawu oti akawakumbukire mpaka ku Vubwi. Tsiku limeneli anangoyang'ana munda uja nthawi yaitali ndi maso a munthu wa pamudzi, n'kuona zimene aliyense ankaona.

* * *

Lachitatu la sabata yomaliza, Mable akupeta chimanga kuseri kwa nkhokwe, anamva amalume ake akulankhula ndi mkulu mnzawo pakhonde. Sankanong'ona ayi. Mwina ankafuna kuti nkhokwe nayo imve. Ankati mwanayo ndi waulemu, mowa samwa, mpingo ndi umodzi, koma iwo sangapereke mwana wa mlongo wawo kwa munthu amene dzala amalitcha munda. Akakapeza zinyalala zija Loweruka, chikole chibwerera ku Sinda Lolemba, ndipo a ku Vubwi akafuna kubwera, mpando ulipo.

Mable anasiya lichero pansi, nkhuku n'kusangalala, iye n'kuthamangira pachulu pamene foni imagwira.

"A Mthunzi, bwerani mawa musose munda uja. Amalume akuti akapeza mapesi, zatha."

Yankho linabwera msanga. "Ndili ndi mayeso mpaka Lachisanu. Usaope. Ndidzawafotokozera bwinobwino, ndakonza ndi zithunzi zomwe."

"Amalume sadya zithunzi. Tenthani chaka chino chokha. Tikakwatirana muziyala mapesi ngakhale pabedi, sindidzakuletsani."

Kenako uthenga unabwera wautali, wa zigawo zitatu. Mthunzi anati nthaka ndi yamoyo, ndipo moto umapha zonse zimene zili m'menemo. Anati akatentha chaka chino chifukwa cha ukwati, chaka chamawa adzatentha chifukwa cha mwana, ndipo adzafa akutentha. Anakumbutsa kuti iye yemweyo anaimirira pa msonkhano wa achinyamata kutchalitchi n'kuuza anthu kuti asiye kutentha minda, ndiye nkhope akaiika pati. Zonsezi zinali zoona, ndipo zinalembedwa m'Chichewa chabwino. Mable anawerenga kawiri akufunafuna dzina lake. Nyongolotsi zinatchulidwa kanayi. Iye sanatchulidwe.

"Ndiye mukwatire zomwezo," analemba, n'kuzimitsa foni.

Kukoleji Mthunzi anaseka, akuyesa nthabwala za masiku onse, n'kutumiza kamtima kofiira. Kanakafikira pafoni yozima.

* * *

Lachisanu kunali maliro kumudzi wa kutsidya, ndipo mudzi wonse unapita. Mable anati mutu ukumuwawa. Anthu atangozimiririka pamlatho, anamanga duku lake lachikasu, limene Mthunzi anamugulira pa salaula, pa zovala zovalidwa kale, poti zovala zatsopano amati zimatopetsa dziko. Duku limenelo mudzi wonse umalidziwa. Anatenga khasu, ndowa ya madzi ndi machesi.

Anagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ankakoka mapesi n'kuwawunjika milumilu, monga mayi ake anamuphunzitsira m'munda womwewo ali kamwana. Atavundukula mulu woyamba, anaima. Pansi pa mapesi dothi linali lakuda, lozizira, lonyowa, m'mwezi wa Okutobala pamene minda ya anthu ili gwa ngati msewu. Nyongolotsi imodzi inadzipinda n'kulowa pansi. Mable anaitukwana, misozi ili m'maso, n'kupitiriza kukoka.

Nazale sanaiiwale. Analambula mozungulira chisakasa chonse mpaka pansi kuyera, kuti moto usayandikire. Milu anaiyatsa umodziumodzi, kuyambira kumene mphepo inkapita, monga achitira anthu odziwa. Zonse zinkayenda bwino mpaka mulu womaliza.

Kenako kunabwera kamvuluvulu, kaja ka masana a chilimwe kamene kamangonyamuka popanda wokaitana. Kanalowa m'mulu woyaka, kukweza mapesi amoto m'mwamba, n'kukawatula padenga la chisakasa. Udzu wa miyezi itatu padzuwa sufunsa kawiri. Mable anathira ndowa yonse, anathyola nthambi n'kumenya, anavula duku n'kumenyera lomwelo mpaka linamugwera kaya kuti. Denga linagwera mkati, ndipo mapaketi aja, amene kunja kwake kumakhala ngati phula, anayaka mzere ndi mzere. Iye anaima n'kumaonerera mbande zimene ankazidziwa imodziimodzi zikupindika.

Moto wina unathawira kumunsi, m'udzu wa m'mphepete mwa khwawa. Anauthamangira n'kuumenya mpaka unazima, kapena unaoneka ngati wazima. Anabwerera kunyumba anthu asanachoke kumaliro, anasamba, n'kugona pamphasa manja ali m'mwamba chifukwa cha matuza. Mutu tsopano unkamuwawadi.

* * *

Loweruka njinga inalira m'mamawa kuposa masiku onse. Mthunzi anavala malaya oyera osita, m'chikwama muli zithunzi za minda ya anthu ena imene inachira ndi mapesi. Njira yonse ankayeseza zokanena. Atakhota pakaphiri, fungo ndilo linayamba kumupeza.

Njinga anaisiya kuti igwe yokha. Anadutsa m'munda wakuda, phulusa likulowa m'nsapato, mpaka pamene panali nazale. Panatsala mitengo inayi ya chisakasa, yakuda, ndi timibulu ta dothi lopsa mazana atatu, tili pamzere monga anatisiyira. Ananjuta, n'kutola kamodzi. Kanaphwanyikira m'manja.

Mable anamupeza ali chonjuta. Mthunzi sanacheuke. Anati ndi Wisdom ameneyu, kapena watuma osaka mbewa, ndipo lero lomwe apita kupolisi.

Mable anatulutsa manja m'chitenje n'kuwaika patsogolo pa nkhope yake.

Mnyamata wa mawu ambiri uja anayang'ana matuza aja nthawi yaitali, moti njiwa ina inatera pamtengo wa chisakasa, kuyang'ana, n'kuulukanso.

"Unkazithirira wekha," anatero potsiriza.

"Miyezi itatu. Mbandezo sindinafune, ndi mphepo. Koma mapesi ndinafuna."

"M'mudzi monse muno ndinkayesa kuti iwe wekha ndiwe unandimva."

"Ndinakumvani. Pansi pa mapesi panali ponyowa, ndaona ndi maso anga. Munalondola, a Mthunzi. Koma kulondola kwanuko kukanandipereka ku Vubwi Lolemba, inu muli ndi zithunzi m'manja."

Kukaphiri kunamveka kutsokomola kwa akuluakulu. Mable anabisanso manja m'chitenje n'kusuntha mapazi angapo, monga ayenera kuimira mtsikana amene sakudziwa kanthu.

* * *

A Amosi anabwera ndi akulu awiri a mpingo. Pambuyo pawo pankabwera Wisdom akukankha njinga yake, nati anangodutsa ndipo sibwino kupitirira akuluakulu osapereka moni.

A Amosi anayenda m'munda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, manja ali kumbuyo. Akulu aja anayamikira. Mmodzi anati tsopano apa mpamene pakuoneka kuti pali munthu, wina anati phulusa lotere chimanga chimalikonda. Anatinso mapaketi aja achita bwino kupsa, mpingo upume. Mthunzi anaima pakati pa matamando amenewa ngati munthu amene akumuyamikira suti pa maliro a mwana wake.

"Ntchito imeneyi mwagwira nokha, a Sakala?" anafunsa a Amosi.

Mthunzi anayang'ana chitenje cha Mable, pamene panabisala manja. Munthu uyu chibadwire bodza ankaliopa kuposa njoka. Ngakhale wogulitsa akamubwezera zambiri pamsika, ankabwerera.

"Ndekha, bambo."

"Ndimayesa dzulo munali pa mayeso."

Mthunzi anati anamaliza m'mawa, n'kupalasa njinga kubwera kuno, ndipo anabwerera anthu akadali kumaliro. Mkulu wina anaseka, nati kodi si inu munatilalikira kuti moto ndi mdani wa nthaka? Mthunzi anati munthu amasintha maganizo.

A Amosi anafunsanso: "Ndiye kuti moto munayatsa ndinu. Palibe wa pakhomo panga amene anagwirapo."

"Palibe. Ndine."

Mable anapuma. Kwa kamphindi kochepa anaganiza kuti matuza aja agula chimene anafuna.

"Chabwino," anatero a Amosi, mawu ali pansi monga mwa masiku onse. "Poti mwavomera pamaso pa mboni, titsatane."

Sanalowere njira ya kumudzi. Analowera kumunsi, kukhwawa. Pamene Mable anazimitsira moto panali chitsa chakale, ndipo chitsacho chinali chitasanduka dzenje la phulusa loyera. Kuchokera pamenepo mzere wakuda unatsika ndi khwawa, kukwera tsidya lina, n'kumka nukula. A Amosi ankafotokoza akuyenda, osacheuka: chitsa chimasunga moto, madzulo mphepo inauka, ndipo iwo anaona utsi m'bandakucha akumasula mbuzi. Sanauze munthu. Anafuna amve kaye mwini moto.

Mable anadziwa kumene mzerewo ukupita asanafike. Miyendo inkangoyenda yokha.

Manda a mudziwo ali m'kankhalango kamene nkhwangwa sinalowemo chiyambire. Ndi malo okhawo m'dera lonselo amene Mthunzi ankawatchula akafuna kuonetsa anthu mmene dziko linalili kale. Tsopano munthu ankatha kuona kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Tchire lonse la pansi linapita, makungwa a mitengo anali akuda mpaka m'chiuno, ndipo mitanda yamatabwa inagwa ili zidutswa. Amuna analowa. Mable anaima m'mphepete, koma sipanafunike kulowa. Mtanda wa mayi ake ankaudziwa, wa mlombwa, umene amalume ake anasema okha. Unatsala chipande chimodzi, chokhala ndi zilembo ziwiri za dzina lawo, Ruth.

A Amosi anatola chipandecho n'kuchipukuta ndi mkono wa jekete.

"Mlongo wanga wagona pano zaka khumi ndi ziwiri, moto sunamufikepo. Ndinakupatsani munda wake kuti ndione ngati mungasunge mwana wake." Anatembenukira kwa Mthunzi. "Munthu wotentha manda athu sagona m'nyumba ya mudzi uno, a Sakala. Lachiwiri mubwere ndi bambo anu kubwalo. Chikole mudzalandirira komweko, anthu akuona."

"Amalume," anatero Mable.

"Ndapepesa, bambo," Mthunzi anamudula mawu, mokweza kuposa mmene ayenera kulankhulira mkamwini. "Mphepo inandiposa nzeru. Ndinali ndekha."

A Amosi sanamuyang'ane. Anayang'ana Mable, kuyambira kumutu kopanda duku mpaka pachitenje pamene panabisala manja. Munthu amene ankawerenga mapazi m'kanjira kwa miyezi itatu sangalephere kuwerenga zimenezi. Koma kudziwa ndi kwina, kumva pamaso pa mboni ndi kwina.

"Unafuna kunena kanthu, mwana wanga?"

Mable anayang'ana chipande cha mtanda m'manja mwawo.

"Ayi, amalume."

* * *

Mable anamupeza Mthunzi panjira ya kumsewu akukankha njinga, malaya oyera aja atasanduka a makaniki. Anamuuza kuti apita kukaulula, sangalole kuti bambo ake, aphunzitsi olemekezeka, adzakhale pansi pabwalo chifukwa cha machesi a wina.

Mthunzi anamuwerengera bwinobwino, monga amawerengera timaenje. Akaulula, iye Mthunzi akhala munthu amene mkazi anamugwirira munda wa mayeso, komanso wonama katatu pamaso pa akulu a mpingo. Chikole chibwerera basi. Pamwamba pa zimenezo, Mable akhala mwana amene anatentha manda a mayi ake, ndipo dzina limenelo adzakalamba nalo, ana ake adzalipeza. Akakhala chete, chikole chibwereranso, koma wopsa akhala mmodzi, ndipo mmodziyo kwawo ndi ku Sinda, kutali.

"Ndiye njira yoti tikhale limodzi ili pati?" anafunsa Mable.

Mthunzi anakonza tcheni cha njinga chimene sichinaguluke.

"Mwandikhululukira?"

"Manjawo upake mafuta a nsatsi. Usaboole matuza."

Anakwera. Mable anaima pamenepo akumva njinga ija ikulira, kulira, mpaka kukhota kwa kumsewu kunaimeza.

* * *

Thupi silimva nkhani msanga. Dzuwa litapendeka, Mable anapezeka ali m'kanjira ka kumunda, ndowa ya madzi ili pamutu, monga masiku onse. Anazindikira atafika kale pa mitengo inayi yakuda ija kuti palibe chothirira.

Wisdom anali pamenepo, atakhala panjinga yake yofiira ngati munthu wodikira basi imene akudziwa nthawi yake. Anapereka moni waulemu. Anapepesa za manda, nati nayenso mayi ake anagona, amadziwa kuwawa kwake. Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa nsalu yachikasu, yopsa ngodya imodzi. Anaiyala pabondo n'kuisalaza ndi chikhatho.

Anati dzulo anachoka kumaliro msanga, poti shopu siidziwa maliro. Podutsa anaona utsi, ndipo anaima paja pa kaphiri. Anaona zonse, kuyambira kamvuluvulu mpaka munthu wina akuthamangira kunyumba wopanda duku.

"Mukufuna chiyani, a Wisdom?"

"Kuthandiza, Mable. A Pulofesa ndi munthu wabwino, sayenera mlandu wa manda. Koleji ikamva, kaya. Bambo awo kumpingo, kaya." Anapinda duku lija kanayi. "Lachiwiri ndikhoza kuimirira n'kunena kuti ndinaona osaka mbewa, achilendo, akuyatsa n'kuthawira kuphiri. Kuti a Pulofesa anangopeza munda wapsa n'kufuna kudyerapo ulemu. Anthu adzawaseka mwezi umodzi, basi. Mlandu palibe, iwe sutchulidwa, aphunzitsi abwerera ku Sinda mutu uli m'mwamba."

"Ndiye mukanene."

"Mboni imalimba mtima ikakhala ya pabanja. Anthu akwathu anyamuka ku Vubwi mawa, Lolemba ali pakhonde la amalume. Akakuitana kuti akufunse, yankho ulidziwa." Anabweza duku m'thumba n'kutseka zipi. "Ukayankha zina, nsaluyi nayonso ili ndi pakamwa. Idzalankhula Lachiwiri, ndipo mupsa nonse awiri."

M'chitenje foni inanjenjemera. Mable anaitulutsa ndi nsonga za zala. Unali uthenga wa Mthunzi, waufupi kuposa onse amene anamutumizirapo, wopanda nyongolotsi ngakhale imodzi.

"Mable. Mable wanga. Ndafika. Chilichonse chichitike, usavomere munthu wina."

Anauwerenga kawiri. Dzina lake linalimo kawiri, lero pamene silikanagula kanthu.

Anatsitsa ndowa pamutu, matuza akuphulika m'manja, n'kukhuthulira madzi onse pa timibulu ta dothi lopsa tija. Phulusa linamwa osasiya dontho.

"Lolemba nthawi yanji?" anafunsa.